Ndinamanga Waya Pamwamba pa Moto

Moni nonse abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpatawu. Koma ndipemphe chinthu chimodzi ndisanayambe: lero pasakhale wondiyankha kuti "Ameni" pakati pa nkhani, chifukwa zimene ndinene pano si zokoma, ndipo ena mwa inu zikukukhudzani ndithu.

Ndine Lufeyo, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kuno ku Joni monga munabwerera nonsenu, ndi kachikwama kamodzi. Ndinayamba ndi kutchetcha kapinga ku Benoni, kenako ndinapeza ntchito ku Isando, pakampani ina yaing'ono yoona zozimitsira moto m'makhitchini a malesitilanti. Anandiphunzitsa ntchitoyo ndi a Chirwa, awo akhala kumbuyowo ndi chipewa pabondo. Makolo awo anali a kwathu koma iwo anabadwira ku Zimbabwe. Ndi mdala wovuta, sakusekerera ukalakwitsa ngakhale kabawuti kamodzi.

Ndifotokoze kaye ntchitoyo kuti mumvetse kukula kwa chimene ndinachita. Amene mumagwira m'khitchini mukuchidziwa chidenga chachitsulo chija chokoka utsi pamwamba pa mbaula, timati kanope. M'kati mwake, kuseri kwa masefa, mumadutsa kebulo yokungika kwambiri. Pakebulopo pamakhala tizitsulo tiwiri tomatidwa pamodzi ndi mtovu, timati linki. Moto ukakwera, mtovu uja umasungunuka, linki imaduka, kebulo imakhwepa, silinda ya mankhwala imene ili pakhoma imatseguka n'kupopera pamoto kudzera m'timipopi, gasi n'kudzitseka yekha. Sipafunika munthu kukhudza kanthu. Moyo wa aliyense m'khitchinimo umadalira kachitsulo kaja, kuti kaduke pa nthawi yake. Ife ntchito yathu ndi kubwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, m'mamawa mbaula zisanayatsidwe, kukwera pamakwerero, kusintha malinki, kutsuka timipopi, kuyesa zonse, kenako kusaina kakhadi kamene kamalendewera pasilinda.

Ndinaphunzira, ndinalemba mayeso, ndinalandira khadi langa la ntchito. A Chirwa atachoka pakampanipo kukayamba zawo, abwana anandipatsa galimoto ya ntchito, baki yangayanga, ndi makhitchini oyendera.

Tsono mukudziwa mmene amatitamandira kuno. "Amalawi ndi anthu abwino. Sabweza mawu, sakangana, ukawatuma amangopita." Timamva kukoma tikamva zimenezo, si choncho? Timazilembanso pa timapepala tofunira ntchito, kuti ndine Mmalawi, ngati kuti ndi satifiketi ya sukulu. Ine ndinkatupa nazo mutu. Kwathu tinaleredwa kuti kukana wamkulu ndi mwano, ndipo ndinabwera nacho chimenecho mpaka kuwoloka nacho malire atatu. Chimene chinandigwetsa ine si mowa, mowa unabwera pambuyo. Si akazi. Ndi kamwa ili, losadziwa kunena kuti ayi.

Lachisanu lina masana, palesitilanti ina ya nyama yowotcha ku Benoni, linki inaduka popanda ngozi. Anali atakankhira chowotchera chatsopano cha makala pansi penipeni pa linkiyo, chumuni nacho chitadzaza mafuta. Mankhwala anatsika, nyama yonse n'kutayidwa, makasitomala n'kubalalika. Nditafika ndinapeza manejala wake, mzungu wina wamtali, nkhope ili psuu. Anandilalatira, kenako anatsitsa mawu n'kundigwira paphewa.

"Lufeyo, my friend, iwe ndiwe Mmalawi wabwino. Zimenezi zisadzachitikenso pano. Ukudziwa chochita."

Yankho loona ndinkalidziwa. Sunthani chowotcheracho, itanani otsuka chumuni, tiike linki yoyenera kutentha kwa makala, mutseke tsiku limodzi kapena awiri. Mawuwo anali pakamwa pomwepa. Koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Yes boss."

Ndinatenga kawaya m'bokosi la zida, ndinamanga kebulo uku ndi uku modumphitsa linki, kuti ngakhale mtovu usungunuke kebuloyo isakhwepe. Ntchito ya mphindi zisanu. Ndinabwezeretsa masefa, ndinasaina kakhadi ndi dzina langa lonse. Ndiye musaganize kuti ndinalemera nazo, iyayi. Anandipatsa nthiti za nkhumba ndi tchipisi m'kabokosi, ine n'kukadyera m'baki ndikunyambita zala. Asa! Bambo wa ana awiri, kugulidwa ndi nthiti!

Mamanejala amauzana, paja amamwera limodzi. Wa ku Boksburg anandiitanira pambali. Wa ku Edenvale. Wa ku Springs. Wa ku Kempton Park. Aliyense mawu ake omwewo, akuti tamva kuti iwe suvuta. Wachiwiri ndinachita naye mantha pang'ono, wachitatu sindinaganizenso. Chaka chisanathe makhitchini anali asanu ndi anayi. Ndipo choipitsitsa, ndikatsika pamakwerero ndinkasonkhanitsa ophika n'kuwaphunzitsa ngati munthu wanzeru: "Moto ukabuka musathire madzi. Ingopatukani, izi zizimitsa zokha." Ndinkanena zimenezo waya ali m'mwambamo, nditamumanga ndekha.

Ku Kempton Park kunali mayi wina wophika, Anabanda, a ku Dedza, msinkhu wa achemwali anga aakulu. Ndikafika m'mamawa ankandiikira tiyi ndi buledi pambali. "Achimwene, imwani kaye, chitsulocho sichithawa." Ankandinyadira pamaso pa anzawo a Chizulu, kuwauza kuti uyu ndi wa kwathu, ntchito yake ndi yaukhondo.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala, cha m'ma teni koloko m'mawa, mafuta anagwira moto m'chiwaya cha tchipisi. Anabanda anakankhira anzawo panja, iwo n'kubwerera m'mbuyo, n'kudikira monga ndinawaphunzitsira. Kunali zii. Chogwirira chofiira cha pakhoma, chija munthu amakoka ndi dzanja zikavuta, chinali kuseri kwa makireti a zakumwa. Moto unakwera m'kanope, mafuta a m'chumuni anayamba kudontha akuyaka. Mayi aja analowanso kuti akatseke gasi ndi manja. Gasiyo anatsekadi, koma mafuta oyaka anawagwera m'mikono yonse iwiri mpaka m'khosi.

Ozimitsa moto atazimitsa anakwera kukaona chifukwa chake mankhwala sanatsike. Anapeza waya. Pasilinda panali dzina langa.

Apolisi anandipeza kuyadi ku Isando. Asananditenge, abwana a kampani anandikokera kuseri kwa baki. "Lufeyo, ndi khitchini imodzi yokha. Wamva? Imodzi. Ukanena zambiri kampani itsekedwa, iwenso ukaolera kundende." Iwo sanafunse n'komwe kuti ndi angati, sanafune kudziwa. Ndipo ine, unyolo ukundidikira, ndinayankhanso chomwecho: "Yes boss." Ananditaya tsiku lomwelo. Khadi langa la ntchito linalandidwa. Ndinagona m'chitokosi masiku anayi, pansi pa simenti, pafupi ndi ndowa yonunkha, ndipo wapolisi wofufuza atandifunsa ngati kulinso kwina ndinalumbira kuti kulibe.

Nditatuluka pa belo tinasamuka m'chipinda chathu cha ku Germiston n'kukalowa mumkhukhu ku Dukathole. Apo ndiye mowa unandipeza. Ndinkayamba dzuwa lisanakwere, nditakhala pakireti kuseri kwa shabini, ndikutukwana aliyense. Manejala wa ku Benoni, abwana, apolisi, dziko lonse la Joni. Aliyense anali wolakwa kupatula ine. Mkazi wanga Enelesi, uyo wakhala apoyo, akabwera kuchokera kokachapa zovala za azungu ndinkamukalipira ngati kuti waya uja anamanga ndi iye.

Koma mumtima ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene mowa sunkachotsa. Makhitchini asanu ndi atatu anali akadali ndi waya. Tsiku ndi tsiku anthu ankayatsa moto pansi pake. Oyendera ena sakanafikako mpaka chaka chinacho, ndipo Disembala anali pakhomo, mwezi umene mbaula sizipuma. Ndikamva galimoto ya ozimitsa moto ikulira mumsewu waukulu, ndinkathamangira kuchimbudzi. Ndikatuluka, botolo lina.

Ndipo inu, abale anga a mumpingo muno, munabwera kudzandiona, zikomo. Koma munati chiyani? "Pepani a Lufeyo, mwangochita tsoka." "Ndi Joni uno achimwene, aliyense amazemba penapake." Wina mpaka anati ndi ufiti wa anthu a nsanje kumudzi. Ufiti! Mfiti inachoka ku Ntcheu kudzandigwiritsa pulayazi? Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa kuti kodi kwina munamangako? Munandichitira ulemu. Ulemu womwewo umene unawotcha Anabanda.

Lamulungu lina kumapeto kwa Novembala, Enelesi anaponya shati yosita pabedi.

"Valani. Tikupita kuchipatala kukaona mayi aja."

"Sindipita. Loya anati ndisayandikire."

"Ndiye ndipita ndekha, ndipo kuno sindibwereranso. Ine sindingagone nyumba imodzi ndi munthu amene wawotcha mnzake n'kumangomwa mowa."

Ndinavala.

Abale, wodi ya anthu opsa ndi moto ili ndi fungo lake, simungalifune kawiri. Anabanda anali pabedi la pakona. Mikono yonse iwiri yokulungidwa mpaka m'mapewa, itagonekedwa pamapilo, zala zosaoneka. Khosi lokulungidwanso. Pambali pawo panakhala mayi wina wocheperapo, akuwamwetsa phala ndi sipuni. Ndinagwada pansi pomwepo n'kuyamba kulira kuti pepani mayi, pepani, ndikhululukireni.

"Dzukani achimwene," anatero Anabanda. Mawu awo anali osasa. "Mukutchinga njira ya anesi. Pepani wanuyo ndimulandira ndi chiyani? Manja ake ndi amenewa."

Ndinaimirira. Sindinadziwe koika maso.

"Ndinadikira, achimwene. Munati tizipatuka, zizimitsa zokha. Ndinapatuka. Ndinayang'ana m'mwamba muja ngati munthu wodikira mvula. Ndinkati mwina zichedwa pang'ono, paja anakonza ndi wa kwathu. Ndikanakhala kuti sindinakukhulupirireni ndikanathamangira gasi moto usanakwere."

Enelesi anali akulira mwakachetechete.

"Koma si zimenezo ndikufuna," anapitiriza. Analoza ndi chibwano mayi wa sipuni uja. "Uyu ndi mng'ono wanga, Esinta. Amawotcha nyama ku Benoni, palesitilanti ija ya mzungu wamtali. Akuti nakonso munkapitako. Bwana wawo anawauza kuti kwawo kulibe vuto, khadi ndi losaina. Tsono ndiyang'aneni kuno, musayang'ane pansi. Kumeneko kuli waya?"

Bodza linali lokonzeka kale, ndinali nditalinena kupolisi, kwa loya, kwa mkazi wanga yemwe. Likanangotsetsereka lokha. Ndinkadziwa kuti ndikavomera, mlandu umodzi usanduka milandu isanu ndi inayi, ndipo ana anga akhoza kudzandiona ali akuluakulu. Esinta anali ataimitsa sipuni m'malere, phala likudontha pansalu. Ndinayang'ana mikono yake. Inali yosalala, ili ndi timadontho tochepa ta mafuta monga amakhalira onse ophika. Kenako ndinayang'ana ya mkulu wake pamapilo paja.

"Aliko," ndinatero.

"Kwinanso?"

"Malo asanu ndi atatu, kuphatikizapo ku Benoni."

Enelesi anagwira pakamwa n'kukhala pansi pa simenti. Iye ankadziwa za khitchini imodzi basi. Esinta anaika mbale ija pakabati pang'onopang'ono.

"Ine mawa ndili pantchito," anatero. "Ndimayatsa makala ndine."

"Ndiye mukufunanso chiyani pano?" anandifunsa Anabanda. "Tulukani. Musabwerenso ndi misozi kuno, misozi ndili nayo yanga."

Tsopano mverani zimene ndinachita, chifukwa kulapa kwa pakamwa tonse timakutha, timalapa Lamulungu lililonse muno.

Choyamba, ndinakhala pabenchi panja pa chipatala n'kulemba. Enelesi anapempha pepala kwa mlonda. Dzina la malo, msewu wake, kanope iti, linki yachingati kuchokera kukhomo. Chinthu ukachilemba sichithawanso, ndipo ndinalembanso pepala lachiwiri lofanana nalo.

Chachiwiri, ndinapita nalo kupolisi masana omwewo, ndisanasinthe maganizo. Wapolisi anandiyang'ana ngati ndapenga. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndikudziwonjezera milandu. Ndinati ndikudziwa. Anati adzalipereka kwa oyang'anira za moto, koma zimenezo zimatenga masiku. Masiku amenewo ine ndinalibe.

Choncho ndinapita kwa a Chirwa. Ine ndinalibenso chilolezo chokhudza silinda ya munthu, koma iwo khadi lawo linali lamoyo. Ndinawapeza akutsuka baki yawo. Anawerenga pepala lija kawiri, magalasi ali pamphuno. Kenako anandimenya nalo kumaso.

"Zimenezi ndinakuphunzitsa ndine? Iwe! Ndinkakubweza pamakwerero chifukwa cha kampopi kamodzi kosatsuka, lero ukundibweretsera izi?"

"Ayi, mdala."

"Mowa wasiya liti?"

"Dzulo."

"Ukhale dzulo lomwelo. Ukabwera ukununkha ndikutsitsa pamsewu. Mawa faifi koloko undipeze pano."

Za makhitchini asanu ndi awiri enawo ndinena mwachidule. Tinawamaliza m'masiku atatu. Mamanejala ena anatitsegulira msanga, ena anakana kuti sakundidziwa, anthu omwe aja ankanditcha my friend. Wa ku Springs anatikhazika panja maola awiri. Paliponse a Chirwa ankakwera, kudula waya, kuika linki yatsopano, kuyesa, ine nditagwira makwerero, ndipo akatsika ankandiimika pamaso pa ophika kuti ndinene ndekha chimene ndinachita. Mayi wina wa Chisutu ku Edenvale anandilavulira malovu pansapato. Sindinapukute.

Kukhoti ndinavomera zonse. Oweruza anaona kuti pepala ndinabweretsa ndekha, anandipatsa chilango chokagwirira kunja, ndi chenjezo lakuti ndikadzalakwanso ndende ikundidikira. Kampani ija inatsekedwa. Khadi langa silinabwerere ndipo sindikudziwa ngati lidzabwerere. Lero ndimagwira kwa a Chirwa, ntchito yanga ndi kupala mafuta m'machumuni ndi kutsuka masefa, ntchito yonyansa kuposa zonse m'gululi. Ndimafika kunyumba ndikununkha ngati chiwaya chakale. Sindisaina kanthu. Mowa sindinaukhudzenso, ndipo musandiyamikire, a Chirwa amandinunkhiza m'mawa uliwonse ngati mwana.

Anabanda anabwerera ku Dedza. Dzanja lamanja silifumbata, sangagwire mpeni, sangagwire khasu. Sanandikhululukire, ndipo amene akufuna kundiuza kuti mayiwo akuyenera kukhululuka chifukwa ndi Akhristu atseke pakamwa pake. Imeneyo ndi nkhani ya iwo ndi Mulungu wawo, ine ndilibe nayo mbali.

Muli muno alonda amene mumasaina buku kuti mwazungulira mpanda muli m'tulo. Muli omanga amene bwana akati chepetsa simenti mumachepetsa, kenako n'kuphimba ndi pulasitala. Muli a magetsi amene mumadumphitsa chotetezera chifukwa mwini nyumba watopa ndi kuzima kwa magetsi. Ndikukudziwani, ena munandiuza nokha tikumwa. Mumati bola ntchito, mumati ndife alendo m'dziko la eni, tingakane bwanji. Ine ndinanenapo zonsezo. Tsono mverani za ku Benoni, kumene tinayambira Lolemba lija, ndipo ndikamaliza ndikhala pansi.

Tinafika sikisi koloko isanakwane. Ogwira ntchito anali ataima pakhomo la kuseri, Esinta ali pomwepo ndi thumba la makala. Manejala wamtali uja anatsika m'galimoto, atandiona nkhope inasintha.

"Iwe! Ukufuna chiyani pano? Kanope yanga ili ndi khadi, yasainidwa."

"Ndinasaina ndine, bwana, ndipo ndinanama. Muli waya m'mwambamo. Tabwera kudzamuchotsa."

"Waya wanji? Ine sindidziwa za waya. Choka, ndiitana apolisi."

"Aitaneni. Pepala ali nalo kale, dzina la malo ano lili pamwamba."

Apo anasintha mawu. Anandiyandikira, dzanja lija paphewa, kumwetulira komwe kuja.

"Lufeyo, my friend. Ino ndi Disembala, lero ndili ndi phwando la anthu a kampani. Ubwere Januwale, tidzakonza mwakachetechete. Iwe ndiwe munthu wabwino, usandivutitse."

Khosi langa linayamba kuwerama lokha, monga linazolowera. Zaka zonse ndakhala kuno ku Joni ndinali ndisanakanepo bwana aliyense pamaso.

"Ayi, bwana," ndinatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, ndiye ndinabwereza mokweza. "Ayi. Lero moto suyatsidwa muno mpaka waya achoke. Chotsani dzanja lanu."

Anatukwana m'chilankhulo chake, n'kutembenukira kwa ogwira ntchito. "Lowani! Esinta, yatsa makala!"

Esinta anaika thumba pansi, anavula epuloni, anakhala pakireti. Anzake, ena a ku Zimbabwe, ena a konkuno, anamufunsa kuti kwagwanji. Anawafotokozera m'Chizulu, za mkulu wake, za mikono ija. Mmodzimmodzi anakhala pansi. Palibe analowa. Mzungu uja anayang'ana wotchi, anayang'ana anthu ake, kenako anaponya makiyi pansi.

"Mphindi khumi!"

A Chirwa sathamangira munthu. Anayamba atsekera kaye silinda ndi kapini kake kuti mankhwala asatsike podula waya. Anakwera, ine nditagwira makwerero. Anachotsa sefa yoyamba, yachiwiri, anaunika ndi tochi. Anakhala choncho mutu uli m'kanope, osagwira pulayazi.

"Lufeyo," anatero potsiriza, "kwera uone."

Ndinakwera. Waya wanga anali pomwepo, wolimba monga ndinamumangira. Koma linki inali itaduka kale. Tizitsulo tiwiri tija tinkalendewera padera, takuda bii, mafuta ataumira pamwamba pake. Kachitsuloko kanagwira ntchito yake, kanaduka pa nthawi yake, ndipo chimene chinaletsa mankhwala kutsika ndi waya yekhayo.

A Chirwa anatsika nato tizidutswato m'manja n'kuitana ophika. "Moto unafikapo m'mwamba muno. Liti?"

Anayang'anana. Anayankha ndi Esinta, mawu ali pansi.

"Loweruka, masabata atatu apitawo. Mafuta a nyama anayaka, malawi anakwera mpaka kulowa m'masefamo. Ndinali pansi pake penipeni. Tinalimbana nawo ndi matawulo onyowa ndi kachozimitsira ka m'manja, tsitsi langa linawauka kutsogoloku." Anaima kaye, akuyang'ana tizitsulo tija. "Titazimitsa tinathokoza Mulungu kuti mankhwala sanatsike, chifukwa bwana akanatilalatira."

Masabata atatu. Pamenepo Anabanda anali kale m'chipatala. Pamenepo ine ndinali nditatuluka kale m'chitokosi, maina onse asanu ndi atatu ali m'mutu mwanga, foni ili m'thumba.

Esinta sananditukwane, bola akananditukwana. Ananditembenukira n'kundifunsa mwaulemu, monga timafunsirana kwathu.

"Achimwene, Loweruka limenelo inu munali kuti?"

Ndinamuuza zoona, pamaso pa anthu onse aja. Ndinali ku Dukathole, pakireti, botolo lili m'manja, ndikudandaulira anzanga kuti dziko lino landilakwira.